Mwendo ukamapweteka poyenda, funsaninso za mtima: mafunso ndi mayankho pa kutsekeka kwa mitsempha ya m'miyendo

Awa ndi mafunso omwe amabwerabwera tsiku la kiliniki ya BP ndi shuga, ena amandipeza nawo kumaliro, ena pa WhatsApp usiku, "achimwene, bambo akudandaula mwendo, ndiwagulire chani?" Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa nde ndati ndingolemba kamodzi. Izi sizikulowa m'malo mokaonana ndi adokotala ayi, koma bola mukamapita mudziwe chofunsa.

Kodi nthenda imeneyi ndi yotani, poti ife timangomva za BP ndi shuga?

Tigwirizane kaye pa mawu chifukwa apa Chichewa chathu chimatisokoneza. Timati mtsempha kutanthauza wotenga magazi kuchoka kumtima, wobweza magazi kumtima, wotumiza ululu ndi dzanzi, mpakana uja wolimba wakuchidendene umene timalimbana nawo mu nyama ya ng'ombe. Munthu akati "ndikuvutika mitsempha" ndiye kuti sanakuuzebe kanthu. Imene tikukamba pano ndi yoyambayo, yotsitsa magazi kuchoka kumtima kupita kuntchafu, kuakatumba mpaka kuzala zakuphazi. Madokotala nthendayi amaitchula peripheral arterial disease, mwachidule PAD.

Zimene zimachitika zili ngati paipi yakale ya madzi yomwe mkati mwachita dzimbiri. Mafuta a kolesitulo amamatirira pakhoma la mtsempha, pakapita zaka amauma, njira imachepa. Ukakhala pansi magazi ochepawo amakwanira, koma ukayamba kuyenda minofu imafuna ambiri ndipo paipi ija siingathe, nde ululu umayamba. Si nthenda yachilendo. Akatswiri anawerengera kuti mu 2010 odwala anali anthu 202 miliyoni padziko lonse, pofika 2015 anali pafupifupi 236 miliyoni, ndipo 7 mwa 10 alionse ali m'maiko osauka ndi apakatikati, osati kwa azungu kokha ngati mmene ambiri timaganizira.

Ndidziwa bwanji kuti si nyamakazi kapena ukalamba basi?

Muone nthawi imene ululu ukubwera. Bambo wina, wazaka za m'ma 60, wosuta fodya kuyambira ali mnyamata, anandifotokozera bwino kuposa buku lililonse. Anati akachoka kunyumba kupita kutchalitchi amawerenga mapolo a magetsi. Polo loyamba bwinobwino, lachiwiri bwinobwino, pofika lachinayi katumba wakumanzere wagwira ngati wina wamufinya ndi pulayala. Amaima, natulutsa foni kunamizira kuwerenga meseji kuti anthu asaone, pakatha mphindi ziwiri zitatu ululu zii, nayambanso, mapolo ena anayi chimodzimodzi. Mayi akunyumba ankati bambowo angoyamba ulesi wa mapemphero. Kunja kulinso otero, ku Germany nthendayi anaipatsa dzina loti Schaufensterkrankheit, kutanthauza matenda oyang'ana m'mawindo a sitolo, chifukwa odwala amaimaima ngati akusirira katundu.

Ndiye chizindikiro chake ndi chimenecho: umabwera poyenda, makamaka pachitunda kapena pofulumira, pa mtunda wofananafanana, umagwira mnofu osati molumikizira mafupa, ndipo umatha ukangoima, osadikira kuti ukhale pansi. Nyamakazi imagwira bondo kapena chiuno, imavuta podzuka m'mawa komanso poyamba kuyenda. Ululu wochokera kumsana umatsika mwendo ngati magetsi ndipo nthawi zambiri umafuna ukhale kapena uwerame kuti uleke. Kutentha kwa mapazi ndi dzanzi usiku, kuja anthu a shuga amadandaula, ndi mitsempha ya uthenga ija, ngakhale munthu mmodzi atha kukhala nazo zonse ziwiri. Mwendo wotupa ndi mitsempha yotukukatukuka ngati nyongolotsi, imeneyo ndi yobweza magazi, nkhani inanso.

Zina zoti muone: phazi limodzi lozizira kuposa linzake, ubweya wakumsongolo kuthothoka, khungu kusalala nkumanyezimira, zikhadabo kukhuthala, kachilonda kosapola kwa masabata. Kwa abambo, ngati kutseka kuli m'mwamba cham'mimba, ululu umagwira matako ndi ntchafu ndipo mphamvu zakuchipinda zimachepa. Ambiri amathamangira gondolosi pomwe vuto ndi magazi sakufika.

Koma musadalire ululu wokha. Anthu ambiri a PAD samva kalikonse kooneka, ena chifukwa shuga anapha kale kamvedwe, ena chifukwa anasiya kuyenda, paliponse ndi kabaza kapena galimoto, nde mwendo supatsidwa mpata wodandaula.

Chabwino, koma vuto lili kumwendo. Mtima ukulowapo bwanji?

Apa mpamene pagona nkhani yonse ndipo ndi pomwe anthu sandimvetsa. Dzimbiri lija silisankha paipi. Ngati lafika poti latseka mtsempha wa m'ntchafu, womwe ndi waukulu ndithu, ndiye kuti magazi omwewo, fodya yemweyo, shuga yemweyo zakhala zikudutsanso m'mitsempha ing'onoing'ono yodyetsa mtima ndi ya m'khosi yopita kubongo kwa zaka zonsezo. Mwendo wangoyamba kuyankhula. Ndipo pamalo pomwe mafuta aunjikana patha kung'ambika tsiku lina lililonse, magazi nkuundana pomwepo, njira nkutsekekeratu. Zikachitikira kumtima ndiye heart attack, zikachitikira kubongo ndiye sitiroko.

Manambala omwe madokotala akhala akugwiritsa ntchito kwa zaka, ochokera ku Ulaya ndi America, ndi awa. Tengani anthu 100 opitirira zaka 50 omwe mwendo umawapweteka poyenda, muwatsate zaka 5. Kumbali ya mwendo, 70 mpaka 80 zinthu sizisintha kwenikweni, 10 mpaka 20 ululu umakula, ndipo 1 kapena 2 okha ndi omwe amafika poti mwendo uli pangozi yodulidwa. Tsopano kumbali inayo: 15 mpaka 30 amakhala atamwalira, ndipo pa imfa 4 zilizonse, 3 zimakhala za mtima ndi mitsempha. Enanso pafupifupi 20 amakhala atadwala heart attack kapena sitiroko koma nkupulumuka. Werenganinso kawiri. Munthu amabwera akuopa mpeni wa dokotala pomwe chomwe chikumuzembera chili pachifuwa.

Manambalawa ndi akale, a nthawi yomwe mankhwala otsitsa kolesitulo anali asanafale, nde kwa munthu amene akumwa mankhwala bwino zinthu zili bwinoko. Koma chithunzi chake sichinasinthe. Kafukufuku wamkulu wotchedwa REACH, yemwe anatsata anthu pafupifupi 68,000 m'maiko 44, anapeza kuti mwa anthu a PAD, 3 mwa 5 alionse analinso ndi nthenda yomweyo kumtima kapena kubongo. Pa chaka chimodzi chokha, 21 pa 100 alionse anamwalira ndi mtima, kudwala heart attack, sitiroko kapena kugonekedwa m'chipatala pa zamitsempha, pomwe kwa odwala mitsempha ya mtima anali 15. Zoona, ena mwa 21 amenewo anagonekedwa chifukwa cha mwendo womwewo, komabe uthenga ndi woti munthu wa PAD asamaonedwe ngati wodwala pang'ono kuposa amene anagwapo ndi mtima.

Bambo wa mapolo uja nditamulembera mapilitsi anafunsa kuti awa ndi a mwendo? Nditati ndi oteteza mtima ndi bongo, anaseka nati "aaa adokotala, mtima wanga ndi wa mnyamata, ine ndabwerera mwendo." Anamwa mwezi umodzi, mwendo sunasinthe, anasiya. Patatha chaka ndi miyezi ingapo anabwera atanyamulidwa ndi ana ake, kamwa litapotoka, mkono wakumanja uli lende. Miyendo yonse iwiri inalipo. Mpaka pano ndimadzifunsa ngati ndinamufotokozera mokwanira tsiku lija, panja panali mzere wa anthu ndipo ndinathamanga.

Ndiye mukuti mwendo sadzaudula?

Kwa ambiri ayi, monga mwaona pa manambala aja. Koma pali gulu lina lomwe nkhani yake ndi ina. Ngati zala kapena phazi zikupweteka usiku muli chigonere, mpaka mumatsitsa mwendo pambali pa bedi kapena kugona chokhala pampando kuti mupezeko bwino, kapena muli ndi chilonda chosapola kupitirira masabata awiri, kapena chala chayamba kuda, apo magazi sakukwanira olo mutapuma. Pa gulu limeneli manambala akale amati pakatha chaka chimodzi, 1 mwa 4 amakhala atamwalira, pafupifupi 3 mwa 10 atadulidwa mwendo, ndipo omwe ali moyo ndi miyendo yonse safika theka. Taonani kuti ngakhale pamenepa imfa zambiri ndi za mtima. Omwe amafika msanga pamenepa ndi a shuga, osutabe fodya ndi odwala impso.

Amayeza bwanji? Pamafunika mamashini odula?

Choyamba ndi zala za dokotala basi. Vulani nsapato ndi masokosi, onse awiri, agwire pamwamba pa phazi, kuseri kwa kakolo, kuseri kwa bondo ndi m'mphechepeche ngati magazi akugunda. Ngati muli ndi shuga ndipo chaka chatha palibe anakuvulani nsapato ku kiliniki, vulani nokha musanalowe, akaona mapazi ali panja sangachitire mwina.

Chachiwiri ndi ABI, kuyerekeza BP ya pakakolo ndi ya kumkono. Mumagona chagada mphindi zingapo, amayeza BP kumikono yonse iwiri ndi pa akakolo pogwiritsa ntchito kachipangizo kam'manja kotchedwa Doppler, kenako amagawa nambala ya pakakolo ndi ya kumkono. Tinene kumkono 140, pakakolo 98, ndiye ABI ndi 0.70. Kuyambira 1.0 mpaka 1.4 zili bwino, 0.90 kutsika m'munsi ndi PAD. Ikapitirira 1.4 musasangalale, zimatanthauza kuti mitsempha yauma gwa moti siikufinyika, zomwe zimachitika kwa a shuga ndi a impso, ndipo apo amayeza pachala chachikulu chakuphazi. Sikani ya mitsempha ndi CT zimabwera pambuyo, makamaka akamaganiza za opaleshoni.

Andiyeza ABI yatsika koma ine sindimva ululu uliwonse. Ndidandaule?

Eya. Mu 2008 akatswiri anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wambiri wa anthu wamba ndipo anapeza kuti amene ABI yake ili 0.90 kutsika m'munsi, mwayi womwalira kapena kudwala mtima pa zaka 10 unali pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi anzake ofanana nawo pa msinkhu, BP, fodya ndi zina. Mtima sufunsa ngati katumba akupweteka. Ndipo nambala ikamatsikiratsikira chiopsezo chimakwereranso.

Imagwira ndani kwenikweni?

Fodya ndi shuga ndi omwe ali patsogolo, ndipo fodya amagwirizana ndi nthenda ya m'miyendoyi kuposanso mmene amachitira ndi ya mtima. Kaya ndi ndudu yogula, kaya chingambwe chopichira nokha m'pepala, mtsempha susiyanitsa. Kenako BP, kolesitulo, impso zofooka, ndi zaka, makamaka kupitirira 60 ngakhale wosuta kapena wa shuga imamupeza ali ndi 50. Amayi asadzichotsepo, nawonso imawagwira ndithu, kungoti zizindikiro zawo kawirikawiri sizikhala zija za m'buku nde amachedwa kupezeka. Amene ali ndi HIV, ngakhale akumwa ma ARV bwinobwino, chiopsezo chawo cha matenda a mtima ndi mitsempha ndi chokwererapo, si chifukwa chosiyira mankhwala ayi, ndi chifukwa choyezetsa BP ndi shuga pomwe mukukatenga.

Ku Malawi kuno zoyambitsa zake tili nazo zambiri. Kafukufuku wa STEPS wa 2009, wa anthu a zaka 25 mpaka 64, anapeza kuti munthu 1 mwa 3 ali ndi BP yokwera ndipo ochuluka zedi sankamwa mankhwala, shuga anali 5.6 pa 100, ndipo bambo 1 mwa 4 ankasuta. Amene anali ndi zaka 45 nthawi imeneyo pano adutsa 60.

Mankhwala ake ndi ati, ndipo amathandizadi?

Pali a mtima ndi bongo, pali a mwendo, ndipo ofunika kwambiri ndi oyambawo ngakhale ndi omwe simumva kuti akugwira.

Woyamba ndi statin, wotsitsa kolesitulo, monga atorvastatin, simvastatin kapena rosuvastatin. Aliyense wa PAD amayenera kumwa, olo kolesitulo yake ioneke ngati ili bwino. Ku Britain kafukufuku wa Heart Protection Study anatenga anthu 20,536, mwa iwo 6,748 a PAD, ndipo omwe ankamwa simvastatin 40 mg mavuto aakulu a mtima ndi mitsempha anachepa ndi 22 pa 100. Masiku ano cholinga ndi kutsitsa kolesitulo yoipa ija, LDL, kufika pansi pa 1.8 mmol/L poyeza magazi, ndipo madokotala a ku Ulaya amati pansi pa 1.4. Chenjezo limodzi lofunika kwathu kuno: simvastatin sayenda limodzi ndi ma ARV okhala ndi ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir, nde nenani zonse zomwe mukumwa, osabisa buku lina m'thumba. Oyembekezera nawonso anene.

Wachiwiri ndi woletsa magazi kuundana, aspirin wochepa mphamvu wa 75 mpaka 100 mg, kapena clopidogrel 75 mg. Mu kafukufuku wa CAPRIE wa 1996 clopidogrel anaposa aspirin, ndipo kusiyanako kunaoneka kwambiri mwa anthu a PAD. Mu 2017 kunabwera wa COMPASS, anayesa kuphatikiza aspirin ndi rivaroxaban wochepa, 2.5 mg kawiri patsiku. Mwa anthu 7,470 a PAD kapena mitsempha ya m'khosi, imfa za mtima, heart attack ndi sitiroko zinatsika kuchoka pa 7 kufika pa 5 pa 100, mavuto aakulu a mwendo kuchoka pa 2 kufika pa 1, koma kutaya magazi kwambiri kunakwera kuchoka pa 2 kufika pa 3. Nde si a aliyense, ndi odulanso, ndipo si omwa mwezi uno nkudumpha mwezi wamawa.

Kenako BP ikhale pansi pa 130/80 ngati thupi likulola, nthawi zambiri ndi mankhwala a gulu la enalapril kapena losartan, ndi shuga akhale m'malo mwake. Wa mwendo weniweni ndi cilostazol, amawonjezerako mtunda woyenda koma sateteza mtima, ndipo amene mtima wake ndi wofooka, uja wotupa miyendo ndi kubanika, saloledwa kumwa.

Ndingogula aspirin pa golosale nkumamwa ndekha?

Ayi chonde. Ngati muli ndi zilonda zam'mimba, BP yosatsika kapena munatayapo magazi, atha kukupwetekani. Komanso kwa munthu amene ABI yatsika koma alibe chizindikiro chilichonse, phindu la aspirin silinaoneke bwino, statin ndiye wofunika. Ndipo poti tafika pa golosale, ma brufen, indocid ndi diclofenac omwe anthu amameza tsiku ndi tsiku chifukwa cha mwendowo sathandiza ululu wa mtundu uwu, amakweza BP, amawononga impso, amawonjezera chiopsezo cha mtima, ndipo mukawaphatikiza ndi aspirin m'mimba mumatha kuchucha magazi.

Mwendo ukupweteka poyenda, nde mukuti ndiziyendanso?

Ndendende. Zimamveka ngati nkhanza koma ndiye mankhwala a mwendo omwe amagwira kwambiri, ndipo ndi aulere. Mumayenda mpaka ululu ufike pakatikati, wakuti mukuumva ndithu koma mutha kupirira, mumaima mpaka uthe, mumayambanso. Mphindi 30 mpaka 45 za kuyenda, osachepera katatu pa sabata, kwa masabata 12 osadumphadumpha. Minofu imaphunzira kugwiritsa ntchito bwino magazi ochepawo ndipo timitsempha tam'mbali timathandizira. Ambiri amapeza kuti mtunda wawo wakula zedi. Werengani mapolo kapena nyumba ngati bambo uja, lembani kuseri kwa kalendala, mudzaona nokha. Kuyenda kwa chizolowezi kozemba ululu sikufanana ndi kumeneku.

Osayamba zimenezi ngati muli ndi chilonda kuphazi, ululu wa usiku uja, kapena ngati poyenda pachifuwa pamathina kapena mumabanika. Apo kaonaneni kaye ndi adokotala. Chinanso, mwendo ukayamba kulola mtunda wautali ndi pomwe ena amayamba kumva pachifuwa, chifukwa kale mwendo unkawaimitsa mtima usanatope. Zikatero musabise.

Ndasuta zaka 30, kusiya pano kuli ndi phindu?

Kuli nalo, ndipo palibe pilitsi lomwe lingalowe m'malo mwake. Osiya amakhala nthawi yaitali, sadulidwa miyendo kawirikawiri, ndipo akawachita opaleshoni njira yatsopanoyo siitsekeka msanga ngati ya osutabe. Kuchepetsa kufika pa ndudu ziwiri patsiku si kusiya, ngakhale imodzi patsiku imakwezabe chiopsezo cha mtima kwambiri. Kusinthira ku fodya wamphuno kapena woika kukamwa nakonso si njira. Amene mumakhala nawo m'nyumba ngati amasuta, azikasutira panja.

Nanga zakudya?

Mchere uchepe, kuphatikizapo uja wobisika mu timakyubu tokometsera ndiwo, soseji ndi soda wothira m'therere. Zokazinga m'mafuta obwerezabwereza, chiwaya cha tsiku lililonse, zakumwa zotsekemera, zichepe. Nyemba, nandolo, usipa, masamba, mtedza, zipatso za nyengo yake, mgaiwa m'malo mwa woyera, izi ndi zabwino ndipo sizofuna sitolo yapamwamba. Koma chakudya chokha sichitsitsa kolesitulo kufika pomwe munthu wa PAD akufunika, musasiye statin poti mwayamba kumwa adyo ndi mandimu.

Akanditsegula mtsemphawo ndiye kuti ndachira?

Mwendo utha kupeza bwino, inde. Pali njira yolowetsa kabaluni mkati mwa mtsempha nkuufutukula, pena nkusiyamo stent, kachubu ka waya kogwira mtsemphawo kuti usatsekekenso, ndipo pali bypass, kulumikiza njira yolambalala pogwiritsa ntchito mtsempha wanu womwe kapena kapaipi kopanga. Amachita izi mwendo ukakhala pangozi, kapena ululu ukamakulepheretsani ntchito mutayesa kale kuyenda ndi mankhwala. Koma wakonza paipi imodzi ya kubafa sanakonze nyumba yonse. Chiopsezo cha mtima ndi sitiroko chimatsala pomwepo, ndipo masiku a opaleshoni yaikulu ya mitsempha ndi omwe mtima umakhala pamayeso, nchifukwa chake amayamba akuyezani mtima. Ndaonapo anthu atasonkha ndalama banja lonse, kupita kunja, kubwerako mwendo uli bwino, nkusiya mapilitsi poti "anandikonza". Ndalama zonsezo zimafuna statin ndi aspirin wa tsiku ndi tsiku kuti zisapite m'madzi.

Ndi ziti zoti ndisadikire kuti kuche?

Mwendo ukangopweteka koopsa mwadzidzidzi, kuzizira, kutuwa, kuchita dzanzi kapena kukanika kugwedeza zala, ndiye kuti mtsempha watsekekeratu. Minofu imayamba kufa pakatha maola ngati 6, nde si za panado ndi kuona mawa. Izi zimachitikanso kwa achinyamata omwe ma valve a mtima anawonongeka ndi matenda a pakhosi a paubwana, kapena kwa amene mtima umagunda mosokonekera, chibuluma cha magazi chimachoka mumtima nkukatseka kumwendo.

Pachifuwa pakathina ngati pakhala mwala, kufalikira kumkono, kunsagwada kapena kumsana, thukuta lozizira, kubanika. Kwa a shuga ndi amayi pena palibe ululu weniweni, kungofooka, nseru ndi kupuma movutika, anthu nkumati ndi mpweya wam'mimba. Kamwa kupotoka, mkono kapena mwendo kulefuka mbali imodzi, mawu kusokonekera, diso limodzi kuchita mdima. Olo zitatha zokha pa mphindi 10, pitani tsiku lomwelo, limenelo ndi chenjezo la sitiroko yaikulu.

Agogo akuti anaponda mankhwala, akufuna akatemeredwe. Tiwaletse?

Za chikhulupiriro sinditsutsana ndi agogo pano, koma lumo lisakhudze phazi limenelo. Phazi lopanda magazi okwanira silipoletsa chilonda, mphini imodzi itha kusanduka bala lomwe mathero ake ndi kudula. Chimodzimodzi kuthowa ndi madzi otentha ndi kuwotha mbaula. Phazi limazizira, nde mu Juni munthu amalisendeza pafupi ndi makala, ngati ali ndi shuga samva kuti akupsa, m'mawa matuza. Avale masokosi okhuthala basi. Matekenya, khungu lokhuthala lakuphazi ndi zikhadabo zolowa m'mnofu, osazitokosa ndi singano kapena lezala. Osayenda chosavala olo pabwalo pokha, gwedezani nsapato musanavale, pukutani pakati pa zala mukasamba. Komanso masokosi othina aja ogulitsa a mitsempha yotupa, musavale musanayezedwe, kwa munthu wa PAD atha kutsekereza magazi otsalawo.

Njira yomwe ndaona ikugwira ndi kuwauza agogo kuti tiyambe kuchipatala akaone ngati magazi akufika, zinazo tikambirana pobwera. Kukangana nawo za ufiti mumangotaya sabata.

Bambo anadulidwa kale mwendo. Ndiye kuti nthendayo inapita ndi mwendowo?

Ayi, ndipo apa mabanja ambiri amapumira m'mwamba molakwika. Munthu amene wafika podulidwa mwendo chifukwa cha PAD ndi amene mitsempha yake yawonongeka kwambiri, nde chiopsezo cha mtima ndi sitiroko ndi chachikulu kuposa kale, ndipo mwendo wotsalawo uli ndi nthenda yomweyo pomwe tsopano ukusenza thupi lonse. Mapilitsi onse aja apitirire, masiku a kiliniki asadumphidwe poti kunyamula bambo pa minibasi nkovuta, ngati zavutitsitsa mmodzi apite ndi buku lawo akafotokoze. Funsani za fizo ndi mwendo wopanga msanga, chifukwa kugona pamphasa miyezi kumafooketsa mtima ndi mapapo, komanso munthu amalowa m'maganizo nkuyambiranso fodya. Ndipo pakhale munthu mmodzi pakhomopo, kaya mdzukulu, amene ntchito yake madzulo aliwonse ndi kuvula sokosi ya phazi lotsalalo, kuyatsa tochi ya pafoni, kuyang'ana chidendene, kunsi ndi pakati pa zala zonse.